Kodi phwetekere ndi chipatso kapena ndiwo zamasamba?

Funso: Mwana wanga wa Sitandade 6 wabwera kuchokera kusukulu akunena kuti aphunzitsi awauza kuti phwetekere ndi chipatso. Koma ine kusikelo, pamene ankatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, anatiuza kuti phwetekere ali m'gulu la zamasamba. Akunena zoona ndani? Ndipo ngati alidi chipatso, kodi ndikathira phwetekere m'ndiwo ndiye kuti ana adya kale chipatso tsiku limenelo? Mayi wa ana atatu, ku Ntcheu.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Aphunzitsi a mwana wanu anena zoona, ndipo alangizi a zaumoyo kusikelo nawonso sanakusocheretseni. Kungoti anthu awiriwa akuyankha mafunso osiyana, ngakhale phwetekere wake ndi yemweyo. Aphunzitsi akufotokoza kuti phwetekere ndi chiwalo chanji cha mbewu. Alangizi akufotokoza ntchito imene phwetekere amagwira m'mbale ndi m'thupi. Mbali yachiwiri ya funso lanu ndi imene ndikufuna muigwiritse msanga, chifukwa ikukhudza ana: phwetekere amene mwathira m'ndiwo musamuwerengere ngati chipatso cha tsikulo. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku. Poyamba tione zimene aphunzitsi akunena.

Katswiri wa sayansi ya zomera akagwira chinthu chothyoledwa ku mbewu, safunsa ngati chikutsekemera kapena ngati chimadyedwa ndi nsima. Amafunsa kumene chachokera. Muzu umayamwa madzi, tsinde limanyamula, tsamba limapanga chakudya cha mbewuyo mothandizidwa ndi dzuwa, duwa ndiye njira yoberekera. Chipatso ndi chimene chimatsala duwa likamaliza ntchito yake: kathumba ka pakati pa duwa kamene kafufuma n'kukhwima, njere zili m'kati. Kwa akatswiriwa nkhani imathera pomwepo. Kutsekemera sikuwerengedwa, mtundu suwerengedwa, mphika suwerengedwa.

Zimenezi mwana wanu angathe kuziona ndi maso ake, ndipo ndingakonde mutapita naye kudimba m'malo mongomuuza. Thyolani duwa limodzi la phwetekere, lachikasu lija loweramira pansi. Sadzulani timasamba tachikasuto, muchotsenso kansonga ka pakati kamene kamasunga mungu. Pansi pake mupeza kanthu kozungulira, kobiriwira, kakang'ono kwambiri. Ameneyo ndiye phwetekere asanakule, ndipo m'kati mwake muli kale timazira toyera toyembekeza mungu. Duwa la phwetekere lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, choncho silidikira mungu wochokera kutali. Mphepo ikaligwedeza, kapena bemberezi akatera n'kulinjenjemeretsa, mungu umagwera pamalo pake. Zikatero timasamba tachikasu timafota n'kuyoyoka, kathumba kaja kamayamba kufufuma, timazira timasanduka njere, ndipo pakapita milungu 6 mpaka 8 mumathyola phwetekere wofiira. Kachisoti kobiriwira kamene mumachotsa musanayambe kudula kanali mbali ya duwa lomwe lija.

Mukabwerera kunyumba, dulani phwetekere mmodzi chopingasa. Muona tizipinda, ndipo m'kachipinda kalikonse muli njere zokutidwa ndi madzi oterera. Phwetekere wamng'onowamng'ono uja womera yekha padzala nthawi zambiri amakhala ndi tizipinda tiwiri tokha, pamene wamkulu amakhala ndi tingapo. Akatswiri amamuika m'gulu limodzi ndi mphesa, magwafa ndi tsabola, zipatso zimene zili ndi mnofu paliponse ndi njere zambiri, mosiyana ndi mango kapena masau amene ali ndi chinjere chimodzi cholimba pakati. Ngakhale kufiira kwake kuli ndi chifukwa. Njere zikakhala zisanakhwime, phwetekere amakhala wobiriwira, wolimba ndi wowawa, chifukwa muli mankhwala achilengedwe otchedwa tomatine amene amathamangitsa tizilombo. Njere zikakhwima, kuwawako kumatha, mnofu umafewa, khungu limafiira kuti mbalame ndi nyama zimuone, zimudye, zikataye njere kwina. Mbewu imabala chipatso kuti njere zake ziyende.

Tikatsata lamulo lomweli, mudabwa kuti ndiwo zathu zambiri ndi zipatso. Therere lobala ndi chipatso. Biringanya, tsabola, nkhaka, zikanyanga, maungu ndi zitheba, zonsezi zinachokera ku duwa ndipo zili ndi njere. Kabichi, repu, mpiru, bonongwe ndi chisoso ndi masamba enieni. Karoti ndi muzu. Anyezi ndi matsinde a masamba okutana pansi pa dothi. Chiluwe ndi duwa. Bowa ndiye sali n'komwe m'gulu la zomera; ali ndi ufumu wakewake. Dzungu lokha limatipatsa zinayi: nkhwani, chiluwe, dzungu ndi nthanga, ndiko kuti tsamba, duwa, chipatso ndi njere. Apa mpamene pali phata la nkhaniyi. Gulu la zamasamba si gulu la sayansi ya zomera. Palibe chiwalo cha mbewu chimene chimatchedwa ndiwo. Gululi tinalipanga ndife anthu, ophika, ogulitsa ndi alangizi a kadyedwe, pofuna kuika pamodzi zinthu zimene timaphika mofanana ndipo zimathandiza thupi mofanana. Choncho chinthu chimodzi chingathe kukhala chipatso chikakhala pamtengo, n'kukhalanso ndiwo chikafika pamoto, popanda wina wolakwa.

Ngakhale pakati pa zimene tonse timavomereza kuti ndi zipatso, zina zimasokoneza. Nkhuyu ndi thumba lodzaza timaluwa toyang'ana m'kati, ndipo tizilombo tambiri timene mumapeza mukaing'amba, timene mwambi uja wa chikomekome cha nkhuyu umati nyerere, ndi timavu tating'onoting'ono tonyamula mungu. Popanda timeneti mkuyu sungabale njere zomera. Chinanazi ndi zipatso zambiri zolumikizana, diso lililonse linali duwa palokha. Nthochi imene timadya ndi chipatso chimene chimakula popanda njere zokhwima, nchifukwa chake timabzala mphukira.

Popeza muli ku Ntcheu, kumene kachewere amalimidwa kwambiri, pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ana achidziwe. Phwetekere ndi kachewere ndi pachibale chenicheni. Onse ali mu mtundu wa zomera wotchedwa Solanum, pamodzi ndi biringanya ndi nthula, ndipo tsabola ndi fodya ndi a banja lomwelo. Kachewere akachita maluwa, nthawi zina amabala tizipatso tobiriwira tooneka ngati phwetekere wosapsa. Timeneti tili ndi poizoni wotchedwa solanine, ndipo mwana asatilawe ngakhale pang'ono. Pa kachewere timadya tsinde lofufuma la pansi pa dothi, chipatso n'kuchisiya. Pa phwetekere timadya chipatso, masamba n'kuwasiya. Kudziwa kuti chinthu ndi chipatso sikutanthauza kuti nchodyedwa.

Nanga nchifukwa chiyani pakamwa pathu pamakana kumuika phwetekere pamodzi ndi mango? Yankho lili m'zimene zili m'kati mwake. Pa magalamu 100 a phwetekere wakupsa, pafupifupi magalamu 95 ndi madzi, ndipo shuga safika magalamu atatu. Mango wolemera chimodzimodzi ali ndi shuga pafupifupi magalamu 14, nthochi pafupifupi 12. Shuga wochepayo amaphimbidwanso ndi kuwawasa. Koma chachikulu ndi china: phwetekere wakupsa ali ndi glutamate wambiri, chinthu chimene chimapezekanso mu nyama, nsomba zouma ndi bowa, chimene chimachititsa msuzi kukoma mokhutiritsa. Wasayansi wa ku Japan, Kikunae Ikeda, ndiye anazindikira mu 1908 kuti kukoma kumeneku nkwapakokha, kosiyana ndi kutsekemera, kuwawa, kuwawasa ndi mchere. Nchifukwa chake usipa wopanda phwetekere umamveka kuti chinachake chasowa, ndipo nyemba zothira phwetekere zimatha msanga m'mbale. Zipatso zotsekemera zambiri zilibe mphatso imeneyi pa mlingo wotere.

Ndipo si ife tokha amene tinamuona motero. Makolo a phwetekere ndi tizitsamba tam'tchire ta kumadzulo kwa South America, kumaiko amene lero ndi Peru ndi Ecuador, tobala tizipatso tating'ono kwambiri. Anthu a ku Mexico ndiwo anamuweta mpaka kukula, ndipo Aaziteki, mtundu wa anthu a kumeneko, ankamusakaniza ndi tsabola ndi nthanga za maungu popanga msuzi. Asipanishi atagonjetsa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, mu 1521, mbewuyi inawoloka nyanja. Mu 1544 sing'anga wa ku Italy, Pietro Andrea Mattioli, analemba za chomera chatsopanochi, ndipo ananena kuti chimadyedwa monga biringanya, chokazinga m'mafuta ndi mchere ndi tsabola. Kumpoto kwa Ulaya anthu anamuopa kwa zaka zambiri chifukwa cha chibale chake ndi zitsamba zapoizoni, ndipo ankangomubzala ngati duwa lokongoletsa. Koma kulikonse kumene anayamba kudyedwa, analowera kumphika wa ndiwo.

Mkangano umene wabuka pakhomo panu unafikapo mpaka kukhoti, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuidziwa bwino chifukwa anthu ambiri amaifotokoza mopotoza. Mu 1883 dziko la America linakhazikitsa lamulo la msonkho wa katundu wolowa m'dzikomo. Ndiwo zamasamba zochokera kunja zinkalipira 10 peresenti ya mtengo wake, pamene zipatso zinkalowa ulere. A John Nix ndi ana awo, amene ankachita malonda a zokolola mumzinda wa New York, anaitanitsa phwetekere kuchokera ku zilumba za West Indies mu 1886. Mkulu wotolera msonkho padoko la New York, a Edward Hedden, anawalipiritsa ngati ndiwo zamasamba. A Nix analipira monyinyirika, ndipo mu 1887 anakasuma kuti ndalama zawo zibwezedwe, ponena kuti phwetekere ndi chipatso.

Pozenga mlanduwo, maloya a mbali zonse anabwera ndi mabuku otanthauzira mawu n'kumawerenga m'khoti. A mbali ya a Nix anawerenga tanthauzo la chipatso, la ndiwo zamasamba ndi la phwetekere. A mbali ya boma anayankha powerenga za nsawawa, biringanya, nkhaka, maungu ndi tsabola, pofuna kuonetsa kuti ngati phwetekere apulumuke msonkho chifukwa ali ndi njere, ndiye kuti zonsezi zipulumukenso. Kunabweranso mboni ziwiri zimene zinakhala zikugulitsa zipatso ndi ndiwo kwa zaka 30. Mlandu unakwera mpaka ku Khoti Lalikulu la dzikolo, ndipo pa 10 Meyi 1893 oweruza onse anagwirizana chimodzi. Amene analemba chigamulo, a Horace Gray, sanatsutse sayansi. Anavomereza poyera kuti kwa akatswiri a zomera phwetekere ndi chipatso, monganso nkhaka, maungu, nyemba ndi nsawawa. Koma anati m'malankhulidwe a anthu wamba, ogula ndi ogulitsa omwe, zonsezi ndi ndiwo: zimalimidwa m'dimba la pakhomo, ndipo zimadyedwa pa chakudya chachikulu pamodzi ndi msuzi, nsomba kapena nyama, osati ngati chotsekemera chotsirizira. Popeza lamulo la msonkho linalembedwera anthu amalonda, mawu ake anayenera kumveka monga amalondawo amawamvera. A Nix ndalama zawo sizinabwerere.

Ine ndimaona kuti oweruzawo anagamula bwino. Amene amati khoti linalamula kuti phwetekere asiye kukhala chipatso sanamvetse nkhaniyi. Khoti linangoyankha funso limene linafunsidwa, la msonkho, ndipo linasiya funso la duwa ndi njere m'manja mwa eni ake.

Umboni woti malamulo otere amatsata ntchito ndi wakuti kwina lamulo linagamula mosiyana. Mu 2001 bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union linakhazikitsa lamulo la kapangidwe ka jamu, limene limafuna kuti jamu apangidwe ndi zipatso. Koma m'maiko ena, monga Portugal, anthu amapanga jamu wa phwetekere, wa maungu ndi wa karoti. Choncho lamulolo linati pa nkhani ya jamu, phwetekere, nkhaka, maungu, mavwende, ngakhalenso karoti ndi mbatata, ziwerengedwe ngati zipatso. Palibe amene amakhulupirira kuti karoti amachokera ku duwa. Anangofuna kuti wophika jamu wake agulitse mosavutika. Pa malonda a pakati pa maiko zinthu zili mwina. M'ndondomeko ya manambala a katundu yotchedwa Harmonized System, imene otolera msonkho wa katundu m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, kuphatikizapo a MRA pazipata zathu za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, phwetekere ali pa nambala 0702, m'mutu 7 wa ndiwo zamasamba. Nkhaka zili m'mutu womwewo, koma mavwende, amene ndi abale a nkhaka, ali m'mutu 8 wa zipatso. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, nalonso limawerengera phwetekere pa ndiwo zamasamba, ndipo pa gulu limeneli ndiye amatsogola: dziko lonse limakolola matani oposa 180 miliyoni pachaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera ku China. Kuno ku Africa amene amakolola wambiri ndi Egypt.

Mwana wanu mumuuze motere. Akafunsidwa kuti ndi chiwalo chiti cha phwetekere chimene timadya, ayankhe kuti chipatso. Akafunsidwa kuti phwetekere ali m'gulu liti la zakudya, ayankhe kuti la zamasamba. Pa ulimi wa kudimba mayankho awiriwa amakumana, chifukwa ndiwo timazigawa potsata chiwalo chodyedwa: zodyedwa masamba monga mpiru, zodyedwa mizu monga karoti, ndi zodyedwa zipatso monga phwetekere, therere ndi biringanya.

Tsopano tibwere ku mbale za ana, kumene funso lanu lili ndi kulemera kwenikweni. Magulu asanu ndi limodzi amene munaphunzira kusikelo, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, anakonzedwa potsata zimene chakudya chimapereka m'thupi ndiponso mmene timachidyera. Nchifukwa chake nthochi yosapsa yophika imawerengedwa pa zokhutitsa, ndipo peyala limatchulidwa pa zamafuta, ngakhale zonsezi ndi zipatso pamtengo. Gulu la zipatso analipatula dala chifukwa zipatso timazidya zosaphika, zathunthu, ndipo motero vitamini C amafika m'thupi asanawonongeke ndi moto. Vitamini ameneyu amathandiza zilonda kupola, amalimbitsa nkhama, ndipo amathandiza thupi kuyamwa ayironi wochokera ku nyemba ndi masamba, chinthu chofunika kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera amene magazi amawachepera kawirikawiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Magalamu 100 a phwetekere wosaphika ali ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 14. Tiyerekeze kuti mwadula matimati atatu, lililonse lolemera magalamu 100, m'ndiwo za anthu asanu ndi mmodzi. Aliyense walandira theka la phwetekere, ndiko kuti mamiligalamu 7, ndipo apo tawerengera asanafike pamoto. Ndiwo zikawira nthawi yaitali gawo lina limawonongeka, ndipo ngati ndi therere lothira soda kapena chidulo, lotsala ndi lochepa zedi. Mwana wamng'ono amafunika mamiligalamu pafupifupi 30 mpaka 35 patsiku. Pamene magalamu 100 a lalanje ali ndi oposa 50, a papaya pafupifupi 60, ndipo a gwafa oposa 200. Gwafa limodzi laling'ono limakwaniritsa zosowa za mwana za tsiku lonse n'kutsalako. Kusiyana kwake nkwakukulu kotero kuti sindingakulangizeni kudalira msuzi. Ndipo chipatso sichiyenera kukhala chogula mtengo wapamwamba: masuku, masau, malambe, bwemba, mapapaya a kuseri kwa nyumba, manachesi ndi mango pa nyengo yake, zonsezi zimakwanira.

Pali kulakwitsa kwina kumene ndimakuopa kuposa kumeneku, ndiko kuganiza kuti popeza phwetekere ali m'gulu la zamasamba, ndiye kuti msuzi wa phwetekere ndi anyezi watseka gulu lonselo. Ayi. Masamba obiriwira kwambiri, monga bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, khwanya ndi chigwada, ali ndi ayironi, folate (vitamini wothandiza kupanga magazi) ndi zopangira vitamini A zochuluka kuposa phwetekere. Kufiira kwa phwetekere kumachokera ku lycopene, ndipo lycopene thupi silimusandutsa vitamini A monga limachitira ndi chikasu cha mango, papaya, maungu ndi mbatata yofiira m'kati. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, osawerengera kachewere, chinangwa ndi mbatata. Theka la phwetekere ndi kagawo kochepa chabe ka mlingo umenewu.

Sindikunyoza phwetekere. Ali ndi potaziyamu, ali ndi vitamini C wake, alibe mafuta, ndipo lycopene uja ndi mmodzi mwa zinthu zoteteza maselo a thupi. Chosangalatsa nchakuti lycopene samawonongeka ndi moto monga vitamini C. Thupi limamuyamwa bwino phwetekere akaphikidwa ndi mafuta pang'ono kapena nsinjiro. Choncho kukazinga phwetekere ndi kutendera ndiwo, zimene mumachita kale, nzabwino. Ngati mukufuna kuti ana apindule mbali zonse, wina muphike, wina mudule wosaphika pambali pa mbale, mutamutsuka bwino ndi madzi aukhondo. Ntchito yake yaikulu pa kadyedwe ka ana mwina ndi iyi: amakometsa masamba ndi nyemba, ndipo mwana amadya zambiri. Koma akabwera wina kukuuzani kuti madzi a phwetekere amachiza khansa kapena shuga, musasiye mankhwala a kuchipatala. Phwetekere ndi chakudya.

Ngati pakhomo panu mumalimanso, apa mpamene mawu a aphunzitsi aja amasanduka ndalama. Wolima repu amafuna masamba, choncho amathira feteleza wa nayitirojeni wambiri ndipo amadana ndi maluwa. Wolima phwetekere akatengera zomwezo amapeza chitsamba chobiriwira bwino, chachitali, chokhala ndi zipatso zowerengeka. Mbewu yobala zipatso imafuna chakudya cholinganira, makamaka potaziyamu maluwa akayamba, ndipo imafuna kuchotsa mphukira zotuluka m'mphanda kuti mphamvu ipite ku zipatso. Duwa lililonse loyoyoka ndi phwetekere mmodzi wotayika. Masana kukamatentha kupitirira madigiri 32, usiku osazizira, mungu umafooka ndipo maluwa amagwa osabala. Ndicho chifukwa chake madera okwera ndi ozizirirapo monga Tsangano, Lizulu, Bembeke ndi Jenda amadziwika ndi phwetekere, pamene kuchigwa cha Shire mu Okutobala amavuta. Kuwola kwakuda kumene kumayamba kunsi kwa phwetekere, kumene ambiri amathamangira kupopera mankhwala, si matenda ogwidwa ndi tizilombo. Kumabwera kashiamu akalephera kufika kunsonga ya chipatso chimene chikukula, kawirikawiri chifukwa chothirira modumphadumpha, lero madzi ambiri, kenaka masiku angapo dothi louma. Kusweka kwa khungu nakonso gwero lake ndi lomwelo.

Pa kasungidwe, phwetekere amatsata khalidwe la nthochi, mango, papaya ndi peyala: amapitiriza kupsa atathyoledwa, mosiyana ndi lalanje kapena chinanazi zimene zikathyoledwa zosapsa sizitsekemeranso. Zipatso za gulu loyambali zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umafulumizitsa kupsa, ndipo ndi mpweya womwewo umene umagwira ntchito mukavundika nthochi. Choncho wopita ndi phwetekere ku Lilongwe kapena ku Blantyre amathyola atangoyamba kusintha mtundu kunsi, ndipo amafika atafiira. Mukafuna kuti wanu apse msanga, muikeni m'pepala kapena m'dengu lovundikira pamodzi ndi nthochi yakupsa. Musamuyanike padzuwa. Kufiira kumapangika bwino pa madigiri 20 mpaka 25, ndipo kutentha kukapitirira 30 lycopene amasiya kupangika, phwetekere n'kutsala wachikasu ndi wofewa. Pochedwetsa kupsa, patulani akupsa ndi osapsa, muchotse msanga aliyense wophwanyika, ndipo musaunjike phwetekere wakupsa pamodzi ndi masamba kapena nkhaka, chifukwa mpweya uja umazisandutsa zachikasu. Firiji nayo si bwenzi lake. Kuzizira kwa pansi pa madigiri 12 kumaimitsa kupsa ndipo kumachepetsa fungo ndi kukoma. Ofufuza a ku University of Florida anaonetsa mu 2016 kuti phwetekere wosungidwa masiku angapo pa madigiri 5 amataya zina mwa zinthu zimene zimamupatsa fungo, ndipo sizibwerera zonse ngakhale atatulutsidwa. M'firiji muziika wodula kale kapena wopsa kwambiri amene simumuphika lero.

Madzi oterera okuta njere aja alinso ndi ntchito: amaletsa njere kumera zikadali m'kati mwa chipatso chonyowa. Mukafuna kusunga mbewu, sankhani phwetekere wopsa bwino pa chitsamba chathanzi, mufinyire njere ndi madzi ake m'kapu, musiye pamthunzi masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite thovu. Kenaka tsukani, njere zabwino zimamira, zopanda kanthu zimayandama. Ziumitseni pamthunzi pa mbale kapena pa nsalu, muzisunge m'botolo louma lotseka bwino. Njira imeneyi imathandiza pa mitundu monga Tengeru 97, Tanya ndi Moneymaker, imene ana ake amafanana ndi kholo. Ngati paketi imene munagula inalembedwa F1, imeneyo ndi mbewu ya haibulidi, ndipo njere zake zikabzalidwanso zimabala mosiyanasiyana ndiponso mocheperapo, choncho mbewu yotere muzigula yatsopano chaka chilichonse.